Chigumbu ndi Chimake: Kumalizitsa Mpeni ndi Zinthu za Konkuno

Nkhani yokambidwa kwa achinyamata ophunzira kusema ndi kusula ku Dambwa North, mumzinda wa Livingstone

 Mwandipempha kuti ndikambe za mpeni. Za chitsulo chake ndinenapo pang'ono chabe. Nthawi yambiri ndiithera pa chigumbu, pomwe dzanja limagwira, ndi pa chimake, momwe mpeni umagona ukaweruka ntchito.

Ambiri a inu mumalemba Dambwa pa adiresi osadziwa kuti dzinali lili m'mabuku a ofufuza zakale. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri anakumba malo ena kuno ku Dambwa, ndipo mu 1969 S. G. H. Daniels ndi David Phillipson anasindikiza zimene zinapezeka: mapale a miphika yolembedwalembedwa, ndi zotsalira za ntchito yosungunula chitsulo. Eni ake anakhala pano cha m'ma 600 ndi 700, zaka zoposa 1,200 zapitazo, ndipo miphika ya mtundu umenewo imatchedwa ndi dzina la Dambwa mpaka lero. M'dera lomwe lino la mathithi, pamalo otchedwa Kumadzulo, Joseph Vogel wa ku Livingstone Museum anafukula mudzi wina wakale kuposa pamenepo, wokhala ndi zitsulo ndi tizidutswa ta mkuwa. Ife amene makolo athu anachokera kum'mawa tilinso ndi mbiri yathu: David Livingstone atafika kwa Amang'anja kumapiri a Shire mu 1859 anapeza midzi yokhala ndi ng'anjo, ootcha makala ndi osula akeake. Kusula kunalipo kalekale njanji isanaoloke Zambezi mu 1905.

Koma chitsulo chikafukulidwa chimatuluka chokha. Mutu wa muvi umapezeka wopanda bango, khasu lopanda mpini, mpeni wopanda chigumbu. Chiswe ndi chinyezi zimatha mtengo ndi chikopa m'zaka zowerengeka. Ndiye kuti luso la wosula likhoza kugona pansi zaka 1,000, akatswiri n'kudzaliwerenga, pamene luso la wosema chigumbu limasungidwa m'manja mwa anthu amoyo basi. M'badwo umodzi ukalinyalanyaza, wotsatirawo ulibe kokafukula.

Tsono pitani ku Mukuni Park kapena kumsika wa ziboliboli wa kumathithi, mukaone mipeni imene timagulitsa alendo. Yambiri chigumbu chake ndi mutu wa mkango kapena wa njovu, makutu ndi chitamba zili tu, kuti ukagwira mwamphamvu zikulase m'chikhatho. Chitsulo ndi lata wopyapyala, chimake ndi ubweya womata ndi guluu. Osema amenewo sindikuwanyoza ayi. Ali ndi manja abwino, ndipo amasema chimene mlendo wofulumira amagula. Koma mpeni wotere ndi wa maso okha. Ndipo mukukumbukira chimene chinachitika mu 2020, ndege zitasiya kutera chifukwa cha Covid-19: misika ya ziboliboli inangoti zii miyezi yambirimbiri. Nthawi yonseyo amayi a ku Maramba ndi kumsika wa Dambwa sanaleke kupala ndi kutumbula nsomba, a butchala sanaleke kudula nyama, asodzi a ku Mambova sanaleke kukonza maukonde. Onsewo amagwira mpeni tsiku lililonse, ndipo yambiri ndi ya m'sitolo, ya chigumbu cha pulasitiki chimene chimathyoka chitsulo chikadali chabwino. Taonani mipeni ingati pamsika yomangidwa ndi mphira wa chubu kapena nsanza. Makasitomala anu oyamba ndi amenewo. Maganizo anga ndi akuti wosema amene waphunzira kusemera dzanja la mayi wa nsomba, mlendonso adzamugula, pakuti mlendo wodziwa mipeni amayamba wagwira asanafunse mtengo.

Za chitsulo, mwachidule: osula athu amagwiritsa ntchito sipuling'i ya galimoto, tupa wakutha, kapena chikwanje chothyoka, ndipo zonsezi ndi zabwino. Chimene muyenera kupempha kwa wosula n'chakuti akusiyireni mchira wautali, uja umalowa m'chigumbu. Usachepere magawo atatu mwa anayi a chigumbu, ndipo ukatulukira kumbuyo ndiye bwino koposa. Pamene mchira wakumana ndi mpeni pakhale pokhota bwino, chifukwa pa ngodya yakuthwa ndi pomwe mipeni imathyokera.

Tifike ku mitengo, pakuti apa dera lino lili ndi mwayi. Mlombwa, umene kuno timauti mukwa, ndiwo ndingaupereke kwa wophunzira aliyense. Umasemeka mosavuta, supindika, ndipo suchepa kwambiri pouma, motero chigumbu chimene mwachikhoma mu Okutobala sichidzagwedera kapena kung'aluka mvula ikabwera. Mukusi ndi mtengo umene unalemeretsa tauni ino. Kampani ya Zambezi Sawmills, yokhazikitsidwa mu 1916, inamanga njanji ya makilomita pafupifupi 160 yopita ku Mulobezi kuti izituta mtengo umenewu, ndipo unkapita kukayalidwa pansi pa njanji ndi pansi pa nyumba za olemera kunja. Ndi wolimba, wolemera, chiswe chimauopa. Koma uli ndi khalidwe limodzi loti mulidziwe: ukanyowa uli pamodzi ndi chitsulo umada bii pamalo okhudzanawo, chitsulonso n'kuyamba dzimbiri. Pa chigumbu mukhoza kuugwiritsa ntchito mutatseka bwino pakamwa ndi phula. Pa chimake cha mpeni wa msodzi ndingaupewe. Tsanya, amene anzathu a Chitonga ndi Chilozi amati mupani, ndi wolemera mpaka kumira m'madzi. Amasalala mokongola, koma amabunthitsa zida ndipo amang'aluka mukamuumitsa mothamanga. Phingo ndi uja azungu amapangira zitoliro za clarinet, ndipo ngati mwapeza kachidutswa musakataye. Mungongo, wofala pamchenga wathu uno, ndi wopepuka ndi wofewa: pa chigumbu sathandiza, koma mkati mwa chimake amasunga bwino kuthwa kwa mpeni. Mitengo ya poizoni monga mwabvi ndi nkhadze isayandikire mpeni wodulira chakudya.

Kodi mitengoyi muitenge kuti? Nkhalango ya Dambwa ili pakhomo pathu pomwepa, koma ndi yotetezedwa, ndipo lamulo la nkhalango la 2015 limati kudulamo mtengo popanda chilolezo ndi mlandu. Komanso palibe chifukwa chogwetsera mlombwa umene watenga zaka makumi ambiri kuti ukule, pofuna kachidutswa ka masentimita 12. Pitani kwa akalipentala. Zidutswa zimene amasonkhezera moto madzulo ndi zigumbu khumi. Mwendo wa mpando wothyoka, felemu yakale ya chitseko, mpini wa nkhwangwa wong'aluka mbali imodzi: zonsezi zinauma kale zaka zambiri, ndipo zaposa mtengo uliwonse wauwisi. Matabwa akale a pansi pa njanji ali ndi mwini wake, ndipo ambiri anamwa oilo. Asiyeni.

Mukakhala ndi nthambi yauwisi yopezeka mololedwa, musaiseme yonse yobulungira, chifukwa mng'alu umayambira pakati penipeni pa mtengo. Iwazeni pawiri kapena panayi, chotsani mbali yoyera yakunja imene anankafumbwe amakonda, pakani phula kumapeto konse kuwiri, ndipo muiike pamthunzi pomwe mphepo ikudutsa. Akalipentala amawerengera chaka chathunthu pa thabwa lochindikala masentimita awiri ndi theka. Dzuwa la Okutobala likhoza kukuumitsirani m'masabata awiri, koma likupatsani nkhuni. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Muyeso wa chigumbu ndi dzanja la mwini mpeni. Yezani kutambalala kwa chikhatho chake, muonjezepo chala chimodzi. Kwa anthu ambiri zimakwana masentimita 10 mpaka 12. Chisakhale chobulungira ngati mpini wa tsache, chifukwa chotero chimatembenuka m'manja monyowa ndipo dzanja silidziwa komwe kwaloza mbali yakuthwa. Chikhale chophwatalala pang'ono m'mbali, chonenepa pakati, chokhala ndi kaphewa kutsogolo koletsa chala kutsetserekera pa chitsulo. Ulusi wa mtengo uyende motsata utali wa chigumbu. Ndipo boolani dzenje musanaseme maonekedwe. Dzenje likapita mokhota mtengo ukadali wa ngodya zinayi, mumangosema motsata dzenjelo. Mukayamba n'kusema, ntchito ya tsiku lonse yawonongeka.

Njira yakale yolowetsera mchira ndi ya moto, yomwe ija timakhomera khasu pa mpini. Mumaboola kadzenje kakang'ono, kutenthetsa mchira mpaka kufiira, n'kuukankhira mkati kuti udziwotchere njira yake. Apa pali misampha iwiri. Woyamba, moto ukakwera kufika pa mpeni, chitsulo chimene wosula anachikhwimitsa chimafewa, ndipo mpeni umenewo mudzaunola m'mawa uliwonse osagwira kuthwa. Kulungani mpeniwo ndi nsanza yonyowa, kapena sulitsani kachitsulo kena kofanana ndi mchirawo kuti kazikhala kowotchera. Wachiwiri, makala alibe mphamvu. Mukawotcha mpaka kumapeto, mchira umagona pa makala, amene amanyenyeka pakapita miyezi, mpeni n'kuyamba kugwedera. Lekezani patatsala pafupifupi sentimita imodzi, palani makala m'dzenjemo, thiranimo utomoni wosungunula wosakaniza ndi phula ndi fumbi pang'ono la mtengo, ndipo gawo lotsalalo mulikhome chozizira ndi chipika cha mtengo, nsonga ya mpeni itazikidwa m'thabwa lofewa. Ngati mchira watulukira kumbuyo, vekani kachitsulo kaphanthi kobooka, mufwanthamule mchirawo pang'onopang'ono ndi nyundo yaing'ono.

Musanakhome, pakamwa pa chigumbu pamafunika chomanga, kupanda kutero mchira umang'amba mtengo. Kachidutswa ka paipi ya mkuwa kamagwira ntchito. Nyanga ya ng'ombe imagwiranso: mukaiwiritsa kapena kuiwamba pamoto wochepa imafewa, mumadula mphete n'kuiveka ikadali yotentha. Nsonga ya nyanga, kumene kulibe mphako, ndi chigumbu pachokha. Koma njira imene ndimaikonda, ndipo ndikufuna isafe, ndi ya chikopa cha kumchira kwa ng'ombe. Mumachivula chonse osaching'amba, n'kukhala kapaipi kopanda msoko. Mumachiveka chili chonyowa pamalo olumikizirapo, ndipo pouma chimakhwinyata n'kumanga zolimba moti simungachisunthe ndi zala. Mikondo ndi nkhwangwa zakale za kum'mwera kuno kwa Africa zinkamangidwa chomwechi. Chigawo chino cha Kum'mwera ndi cha ng'ombe. Michira ndi nyanga zimapezeka kophera ng'ombe pamtengo wochepa.

Waya nayenso ndi wathu kuyambira kale. Mu 1960, anthu akukumba pomanga thanki ya madzi pa Ingombe Ilede, kufupi ndi pomwe mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anapeza manda okhala ndi mitanda ya mkuwa, mikanda ya golide, ndi zida zokokera waya. Tsidya lina la Zambezi, Ashona ali ndi mpeni wotchedwa bakatwa, wakuthwa konsekonse, umene chigumbu ndi chimake chake ndi zamtengo wosemedwa, zolukidwa ndi waya wa mkuwa. Ndi mpeni wa mizimu ya makolo, wosiyirana m'banja. William Dewey, amene anafufuza za osula a Chishona, analemba mu 1994 za mipeni yotere imene inasulidwa mofanizira mfuti ya AK-47 pokumbukira nkhondo ya ufulu. Chimene ndikufuna mutengepo n'chakuti pa bakatwa waya uja ndiwo wagwira matabwa awiri a chimake kuti asatayane. Kukongola kwake kwabwera chifukwa womanga anamanga mwaudongo. Wanu mutenge m'mota zakufa za mafiriji ndi mapampu, muuwotche pang'ono kuti ufewe. Waya wa mkuwa wobwera ndi mnyamata usiku, wosadziwika kochokera, ndi uja umazimitsa magetsi m'komboni, ndipo apolisi akabwera wogula ndi wogulitsa amakwera galimoto imodzi.

Chimake chamtengo chimayamba ndi chidutswa chimodzi chimene mwachiwaza pakati, kuti mbali ziwirizo zikabwererana zigwirane bwino. Gonekani mpeni pa mbali iliyonse, lembani mozungulira ndi pensulo, ndipo mukumbe ndi katchizulo theka la kuchindikala kwa chitsulo uku, theka uko. Pofuna kudziwa pomwe pakuthina, detsani mpeni ndi mwaye wa nyali kapena wa pamphika, ulowetseni, muutulutse, ndipo mupale pokhapo pomwe pada. Mubwereza kambirimbiri, ndipo palibe chidule. Chimake chabwino chimagwira mpeni kumsana ndi pakhosi, pafupi ndi chigumbu. Mbali yakuthwa iyende momasuka osakhudza mtengo, apo ayi chimake chomwecho chizibunthitsa mpeni polowa ndi potuluka. Mkatimo musagwiritse sanipepa, chifukwa timchenga take timatsalira m'mtengo n'kumakala chitsulo kwa zaka. Palani ndi chitsulo kapena chibenthu cha botolo. Kumunsi siyani kabowo kotulukira madzi ndi zinyalala. Kutsogolo, posema, siyani kamphuno kobooka kodutsitsa chingwe cha m'chiuno, monga amachitira osema bakatwa. Mukatero mangani pakamwa, pakati ndi kumunsi, ndi waya kapena chikopa chonyowa.

Chimake chachikopa n'chopepuka ndipo sichichedwa kupanga, koma ambiri amaiwala chinthu chimodzi: kachikopa kachitatu kamene kamagona pakati pa zikopa ziwirizo motsata msoko. Popanda kameneko mpeni umadula ulusi, ndipo tsiku lina umatulukira pa ntchafu ya mwini wake. Boolani ndi msomali wonola nsonga, musoke ndi ulusi wa khonje wopaka phula. Chikopa chosafufuta chimauma gwa, koma chikanyowa chimafewanso n'kununkha, choncho pa mpeni wa kumadzi chimafuna phula lambiri. Chikopa chosungidwa ndi mchere muchitsuke mobwereza, pakuti mchere ndi dzimbiri sizisiyana. Ndipo muziwauza ogula kuti nyengo ya mvula asamasunge mpeni m'chimake chachikopa kwa masabata. Aupukute, aupake mafuta, augoneke padera.

Pa zikopa ndiima pang'ono, chifukwa apa pali imfa. Mu 2023 matenda a anthrax anabuka ku Sinazongwe, m'chigawo chathu chomwe chino, ndipo pofika pa 20 Novembala bungwe la WHO linali litalandira malipoti a anthu 684 oganiziridwa kuti adwala m'dziko muno, anayi atamwalira. Tizilombo ta matendawa timakhala m'chikopa, m'ubweya ndi m'nyanga kwa zaka zambiri, ndipo kuyanika padzuwa sikutipha. Timalowera pabala la pachala, ndipo wosema ndani alibe bala pachala? Chikopa cha ng'ombe kapena mbuzi yodzifera yokha musachikhudze, ngakhale akupatseni chaulere. Gulani cha nyama yophedwa pamalo pomwe a zaziweto amayeza. Mukaona chilonda chakuda pakati, chotupa m'mbali koma chosawawa, thamangani kuchipatala ndipo mukanene ntchito imene mumagwira.

Padzabwera wina, mwina wovala bwino, kudzakufunsani chigumbu cha mnyanga wa njovu, dzino la mvuu kapena la njiri, kapena chimake cha khungu la nsato ndi ng'azi. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa ndi mgwirizano wa CITES mu 1989, ndipo lamulo lathu la nyama zakutchire la 2015 limapereka zaka zosachepera 5 m'ndende kwa wopezeka ndi mnyanga wa njovu popanda chilolezo. Zinazo nazonso zimafuna mapepala a boma, ngakhale mutazitola m'tchire. Fupa la mwendo wa ng'ombe, lowiritsa ndi kupala bwino, limayera mokwanira. Mitengo nayo ikulowa m'malamulo omwewo: mukula unalembedwa mu CITES mu 2019, dziko la Malawi ndilo litapempha, ndipo mu 2022 ku Panama anaonjezamo abale ake onse a mu Africa, mlombwa ali momwemo. Zimenezi zikukhudza makamaka zipika ndi matabwa otumizidwa kunja, koma zikukuuzani komwe mitengo ya matabwa ikulowera.

Pomalizitsa, salalitsani ndi chibenthu cha botolo kapena masamba okhakhala a kamkuyu kaja ka m'mbali mwa mtsinje. Vanishi ndi polishi ya nsapato zisiyireni ziboliboli, chifukwa zimaterera m'manja monyowa ndipo zimasupuka. Phula la njuchi, limene dziko lino limakolola lambiri ku Kabompo ndi Mwinilunga, mulipake chigumbu chili chofunda, mupukute ndi nsanza. Fumbi la mukusi ndi mlombwa limayabwa m'mphuno ndi pachifuwa, choncho muzimanga kansalu. Poika mtengo werengani maola anu pamodzi ndi zipangizo. Mlendo akagula, mukumbutseni kuti mpeni ulowe m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege, kuopa kuti angakausiye pachipata pa bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula, ndipo ngati akupita ku Australia kapena New Zealand adziwe kuti kumeneko amafunsa za mtengo ndi chikopa chosafufuta.

Musanagulitse woyamba, uyeseni. Zondotsani chimake, mugwedeze: mpeni usagwe, komanso utuluke ndi dzanja limodzi. Viikani chigumbu m'madzi usiku wonse, muchiumitse pamthunzi masiku angapo, muone ngati chagwedera. Kenako mukaubwereke mayi wina wa nsomba pamsika kwa sabata imodzi. Pokautenga musafunse ngati ndi wokongola. Muwapemphe akuonetseni chikhatho, muone pomwe patuluka chithuza, ndipo pa chigumbu chachiwiri mukapale pamenepo.